Atatidula Thandizo Mliri Uli Mkati

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, Ambuye akusungeni kulikonse komwe muli. Lero ndafuna ndikuuzeni za nthawi ija ya korona, momwe ntchito inandithera, momwe anatidulira thandizo mliri uli mkati, ndi zomwe zinawachitikira amuna anga. Ndakhala nthawi yaitali ndisanaikambe nkhaniyi.

Dzina langa ndi Esinati. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakhazikika kuno ku Mangochi chifukwa cha ntchito. Ndinkachapa ndi kusita pa hotela ina ya kufupi ndi Makokola. Ndinalowa ntchitoyo ndili mtsikana, ndipo manja angawa anakalambira m'nsalu zoyala pabedi za alendo. Amuna anga, a Lufeyo, ndi kalipentala, koma matenda a shuga anali atawafooketsa, moti pakhomo tinkadalira malipiro anga. Munthu wa shuga amayenera kudya pa nthawi yake, ndipo mankhwala akasowa kuchipatala timachita kugula.

Mliri utafika, ndege zinasiya kutera pa kabwalo ka ndege ka pafupi ndi hotelayo ndipo alendo anazimiririka. Abwana anatiuza ambirife kuti tikakhale kaye kunyumba. Anangosunga alonda, osamalira maluwa ndi a muofesi. Eni hotela pamodzi ndi alendo ena akale anasonkha thumba lothandizira ife ochotsedwa, ndipo mwezi uliwonse kangachepe kankalowa pafoni. Sikanali kambiri, koma ufa, ndiwo ndi mankhwala a a Lufeyo zinkapezeka.

Patapita miyezi ingapo anatiitana kumsonkhano kuseri kwa khitchini, aliyense atavala masiki ndipo titakhala motalikirana. Nkhani inali imodzi: kodi thandizo lija lipitirire kwa ife, kapena zotsala m'thumbamo ziwonjezere malipiro a amene anasungidwa pantchito? M'komiti yoweruza munali a Chimwaza, mkulu wa mpingo wathu, amene ankagwira muofesi. Nditawaona mtima unakhala pansi. Ndiwo ankabwera kwathu kudzapempherera a Lufeyo, ndipo ankadziwa zonse za pakhomo panga.

Ataimirira anati, "Bwana, anthuwa mukawazoloweza za ulere sadzafunanso ntchito. Nyanja ili pompano, yodzaza usipa. Munthu wa manja awiri sangafe ndi njala ku Mangochi." Anatchulanso vesi lodzudzula ulesi, ndipo anzawo osungidwa pantchito aja anagwedeza mitu.

Ndinakweza dzanja n'kufotokoza za matenda a amuna anga. Ndinati sitikukana ntchito, ntchitoyo ndi imene yatithawa, ndipo ndinapempha kuti atiwonjezere ngakhale mpaka alendo atayamba kubwera. Abwana anandidula mawu.

"Mayi, pano si pachipatala."

Ena anaseka m'kati mwa masiki awo. A Chimwaza ankangoyang'ana foni yawo. Thandizo linathera pompo, ndipo potuluka mlonda anatilanda zitupa za pantchito pageti ngati tagwidwa tikuba.

Ndinayamba ndi mandasi. Ndinkakhala nawo pamsewu tsiku lonse, koma mbiri inali itafala yoti ife a kuhotela tinatenga korona kwa azungu. Amayi ankakoka ana awo akayandikira beseni langa. Ngakhale anzanga a kumpingo anasiya kulowa pakhomo panga. Mmodzi ankandipatsa moni ataima kunja kwa mpanda, atatseka mphuno ndi chitenje.

Kenako ndinatsatira malangizo a a Chimwaza aja. A Lufeyo anagulitsa randa ndi macheka awo, ine n'kutenga kandalamako kupita kudoko m'mamawa kukagula usipa woti ndiziyanika. Ndinapeza amayi ochuluka, ambiri ochotsedwa ntchito ngati ine, akulimbirana mabwato ochepa. Mwini bwato wina anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Ndalama aliyense ali nazo pano," anatero. "Iwe uli ndi chiyani china? Ukandipeze kumsasa kwanga, beseni lako lidzaza."

Alovi ake, anyamata omuphera nsomba, anaseka. Ine ndinali msinkhu wa mayi ake. Ndinabwerera ndi beseni lopanda kanthu, ndikulira njira yonse. Tsiku lina ndinagula usipa wotsala kwa mavenda pamtengo wokwera, koma mvula inayamba ndisanaumitse, ndipo wonse unaola pathandala. Mpamba unathera pamenepo.

Tinayamba kudya kamodzi patsiku, mankhwala n'kumadumphitsa. A Lufeyo zinawapweteka mtima kundiona ndikuvutika, choncho anapita ku Monkey Bay kukapempha ganyu yokonza bwato, ngakhale ankayenda mozandima. Kumeneko anaponda msomali. Sanandiuze, chifukwa ankadziwa kuti ya thiransipoti yopitira kuchipatala inalibepo. Ankamanga phazilo ndi kansanza n'kuvala sokosi pamwamba. Ndinazindikira chifukwa cha fungo. Nditavula sokosiyo ndinapeza zala zitada bii.

Kuchipatala dokotala anati tachedwa. Anawadula mwendo m'munsi mwa bondo. Atatsitsimuka anandipempha kuti ndiwakande phazi lomwe kunalibe, ndipo ndinathawira panja kuti asandione nkhope.

Chifukwa cha mliri, m'wodi munkaloledwa wodwazika mmodzi yekha, ndiye panalibe wobwera kudzationa. A Chimwaza ananditumizira uthenga pafoni. Anati akutipempherera, koma tidzifufuze bwino, mwina m'banja mwathu muli tchimo lobisika limene latsegula khomo la mavuto onsewa. Abale, nditawerenga zimenezo ndinasiya kupemphera. Ndinkangokhala pakhonde la wodi, osadya kanthu, ndikuganiza kuti Mulungu nayenso anali m'komiti ija.

Masana ena ndili pampopi ndikuchapa zofunda za a Lufeyo ndi madzi okhaokha, mawu anangotuluka okha. Ndinati, Ambuye, ndalama sindikupemphaninso. Nditumizireni munthu mmodzi yekha amene sandiseka.

Pabedi loyandikana ndi la amuna anga panali gogo wina wa Chisilamu wa ku Chowe, ndipo ankamudwazika mwana wake, Abiti Amidu. Anali mayi wosalankhulalankhula, wovala mpango wakuda, ndipo kupatula moni tinali tisanachezepo. Tsiku lomwelo anabwera ndi mbale ya mpunga ndi nyemba n'kuiika pamiyendo panga.

"Ndaphika wambiri, achemwali. Ndithandizeni, ungawonongeke."

Mawa lake ananenanso chimodzimodzi, mkuja wakenso. Ankabweretsa ndi therere ndi masamba padera za a Lufeyo, chifukwa anali atamva anamwino akunena za shuga. Sanandifunsepo chifukwa chake sindinkaphika. Ndinamufotokozera ndekha, kuyambira kumsonkhano kuja mpaka kudoko. Anamvetsera mpaka kumapeto osaseka, osandipatsanso malangizo. Anangofunsa ngati ndimatha kusita ndi simbi ya makala. Anati amuna ake ndi telala m'tauni ya Mangochi, akusoka masiki ambiri ndipo akusowa wochapa ndi kusita.

Tisanapangane bwino, gogo uja, bambo ake a Abiti Amidu, anamwalira. Abale awo anabwera, n'kunyamula thupi mwachangu monga mwa mwambo wawo, ndipo Abiti Amidu anapita osatsanzika. Ndinalibe nambala yake. Ndinayang'ana bedi lopanda munthulo n'kunena kuti basi, kakhomo kamodzi komwe kanatseguka katsekekanso.

Tsiku lomwe anatitulutsa, tinakhala pageti la chipatala osadziwa kuti tifika bwanji kunyumba. A Lufeyo anali atatsamira khoma, ndodo zobwereka zili pambali. Ndiye panaima kagalimoto ka matola, ndipo anatsika Abiti Amidu, maso akadali otupa ndi maliro. Anati wakhala akufunsa kwa anamwino tsiku lathu lotuluka. Munthu woti wangoika kumene bambo ake m'manda anakumbukira mlendo wa chipembedzo china amene anakumana naye m'chipatala.

Anatipatsa kachipinda kuseri kwa shopu yawo. Ndinayamba ndi masiki, kenako mayunifolomu sukulu zitatsegulidwa, kenako mikanjo ya pa Idi. Amuna ake, Che Saidi, anaphunzitsa a Lufeyo makina opukusa ndi dzanja, ndipo lero ndiwo amasoka mabatani ndi kupinda mathalauza. Nthawi ya swala ikakwana amatisiyira shopu yonse, ife Lamlungu amatimasula kuti tikapemphere.

Hotela inatsegulidwanso, koma ine sanandiitane. Anatenga atsikana. A Chimwaza akadali mkulu wa mpingo, ndipo tikakumana amandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ndimawayankha. Kukhululuka ndikuphunzirabe, sindikunamizani kuti ndafika. Mwendo wa amuna anga sunamerenso, ndipo m'mawa uliwonse ndimawathandiza kumanga mwendo wa thalauza ndi pini.

Inu amene Mulungu anakuikani pamipando yoweruza ngati thandizo lipitirire kapena lithe, musanatchule anthu kuti alesi, pitani kaye mukaone chomwe thandizolo likugwirizira m'nyumba zawo. Kwathu linkagwirizira munthu kuti aime ndi miyendo iwiri.

Ndipo iwe amene ntchito yakuthera, amene anthu ako omwe akukuseka, usataye mtima. Ine ndinafika posiya kupemphera, koma Ambuye anamva ngakhale kapemphero kokwiya ka pampopi. Ndikuwathokoza chifukwa cha moyo wa a Lufeyo, ndi chifukwa cha Abiti Amidu ndi Che Saidi. Pamene ndikulemba izi makina akulira m'shopu, a Lufeyo akuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa, ndipo Che Saidi, amene sakudziwa mawu ake, akuwathandiza ndi mluzu. Gwiritsitsani, abale anga. Ambuye akudalitseni nonse.