Makutu a Mwana Wanga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya!

Ine ndine Esitere, ndimagulitsa mlamba wowamba pamsika wa Ngabu. Malemu bambo anga anali khukhi wa mzungu ku esiteti ya nzimbe. Munthu wabwino, koma akandiona ankapukusa mutu. "Iwe, kuda ngati kunsi kwa mphika chonchi, adzakukwatira ndani?" Ankanena moseka. Ine sindinkaseka.

Ndinakula ndikuopa galasi. Ndinadzola mafuta oyeretsa khungu mpaka masaya kupsa ndi dzuwa la kuchigwa kuno. Mwamuna ndinapeza, koma anapita ku Joni ndili ndi pakati, basi zii.

Mwana anabadwa woyera bwino, wamkazi. Ndinasangalala! Koma mukuwadziwa amayi akwathu, amathamangira kuona makutu. Apongozi anapinda kakhutu n'kunena, "Musanamizike, uyu adzada."

Abale, anadadi. Mtima wanga unatseka. Ndinkamuyamwitsa nditayang'ana kumbali. Ndikanauza ndani? Mayi angauze ndani kuti nkhope ya mwana wake ikumuwawa? Ndinali ndekha. M'tchalitchi muno ndinkaimba nanu, koma ndinali ndekha!

Mwana anayamba kutsika sikelo. Anamwino ananditumiza kwa mayi wina wa uphungu. Sanandikalipire, anangoti, "Lankhulani." Ndinalankhula, ndinalira, mpaka mawu aja a mphika anatuluka pakamwa panga.

Anandifunsa, "Mukamanena zimenezo, mumamva liwu la ndani?"

Ndinati, "La bambo anga."

"Nanga bambo anu anazimva kwa ndani?"

Ndinawakumbukira bambo ataima kukhomo lakuseri kwa bwana, chipewa chili m'manja, akuitanidwa kuti "boyi" imvi zili mbuu. Abale, mawu aja sanali anga. Sanalinso a bambo. Anawasenzetsa kukhitchini kuja, iwo n'kundisenzetsa ine, ine ndinkafuna kusenzetsa khanda.

Ndinati ayi, katundu ameneyu athere pa ine. Yesu, ndituleni!

Sizinathe tsiku limodzi. Zipsera m'masayamu mukuziona, bambo a mwanayu mpaka lero sanabwere, ndipo masiku ena kusungulumwa kumandigwirabe. Koma mafuta aja ndinataya, mwana ananenepa, pano ali Sitandade 1.

Dzana ndikumupesa tsitsi ndinamutembenuza, n'kumuyang'ana osaphethira. Anati, "Amayi, mukundiyang'aniranji chonchi?"

Ndinati, "Mwanawe, ndinachedwa kukuona. Khala kaye pomwepo."

Takhuta, zikomo Ambuye. Ameni.