Tsiku lomwe ananditcha waganyu pa Nathenje

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, makamaka inu anzanga amene timakumana Lachitatu masana kupemphera m'kalasi mwathu, landirani moni wanga. Dzina langa ndine Tiyamike, ndili Fomu 3 pa sukulu yoyendera kuno ku Mitundu, ndipo ndimagwira pagolo mu timu ya atsikana. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinaimitsidwa pa bwalo la mpira ku Nathenje, anthu n'kumanena kuti sindine mwana wasukulu koma waganyu, munthu wotengedwa kunja kuti adzangosewera. Zambiri ndazitenga m'buku lomwe ndimalembamo zondichitikira tsiku ndi tsiku, choncho sindikuwonjezera kanthu.

Ndiyambe ndi aphunzitsi athu, malemu a Kamwendo, chifukwa popanda iwo simungamvetse chomwe chinandiwawa. Ankaphunzitsa Jogalafe, koma aliyense ankangowatcha a Kochi. Anali munthu wamfupi, wa mawu osasa chifukwa chokuwa pa bwalo, ndipo ankayenda pa njinga yakale yolira tcheni. Anaphunzitsa mpira m'sukulu zingapo asanabwere kwathu, ndipo ndi iwo anayambitsa timu ya atsikana pa nthawi yomwe makolo ena ankati mtsikana wovala kabudula sadzalongosoka. Chomwe ankadziwika nacho dera lonse n'chakuti sankaseweretsa waganyu. Sukulu zina ukafika mpikisano zimatenga atsikana akuluakulu a m'mudzi, ena oti ali pabanja, n'kuwaveka yunifolomu. A Kochi ankalolera kuti tigonje zigoli zisanu. Tikamadandaula pobwerera, iwo ankangoti, "Mwagonja ndi miyendo yanu yomwe, mukagone bwino."

Ine ndinasiyapo sukulu ndili Fomu 1, amayi atadwala nthawi yaitali. Bambo ananditumiza kwa azakhali ku Nathenje, ndipo kwa chaka ndi miyezi ingapo ndinkagulitsa tomato m'mbali mwa msewu, kuthamangira minibasi iliyonse beseni lili m'manja. Tsiku lina ndikukweza beseni pa windo, ndinangoona nkhope ya a Kochi. Ndinafuna kuthawa koma anali atandiona kale. Iwo anatsika pomwepo, ngakhale ulendo wawo unali wa ku Dedza. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati mtima wa sukulu ndinali nawobe. Ndinangolira. Anapita kwa bambo katatu pa njinga yawo ija, ndipo kachitatu bambo anavomera. Ndinabwerera n'kuyambiranso Fomu 1, ndili wamtali ndi wamkulu kuposa anzanga onse.

Teremu yathayi a Kochi anadwala sabata imodzi yokha n'kutisiya. Tinali titapambana kale masewero a m'dera lathu, kutatsala masabata atatu kuti tikakumane ndi sukulu ina ya ku Nathenje. Ku maliro tinaimba titavala majezi athu. M'buku langa tsiku limenelo muli mizere iwiri yokha, ndipo sikuwerengeka bwino.

Ahedi anapereka timu kwa Madamu Chirwa, ophunzitsa Chingerezi, amene anali atangobwera kumene pa sukulu pathu. Ndi munthu wa mtima wabwino, koma za mpikisano sankazidziwa, ndipo ifenso mitu inali isanabwerere m'malo. Lachisanu, mawa lake tikupita, ndi pomwe tinakumbukira za fayilo. A Kochi ankasunga fayilo yobiriwira momwe munali chithunzi cha wosewera aliyense chodindidwa ndi chidindo cha sukulu, ndipo ankayenda nayo m'chikwama chawo. Titaweruka, Madamu ndi ine tinapita kwa akazi a malemu. Anatiyalira mkeka n'kutilandira bwino, koma anati katundu yense wa bambo anatsekeredwa m'chipinda tsiku la maliro, ndipo palibe wololedwa kukhudza ngakhale cholembera mpaka abale adzakumane kudzagawa. Kiyi inali ndi amalume a malemu ku Malingunde. Chitseko chake ndinkachiona ndili pa mkekapo, cha matabwa, loko wake wamng'ono woti munthu akhoza kuthyola ndi mwala. Madamu anapempha kachiwiri. Amayiwo anagwetsa misozi n'kunena kuti akatsegula okha, abale adzati pali zomwe anabisa. Sitinapemphenso.

Ahedi anali ku msonkhano ku Lilongwe, chidindo chili chotsekeredwa mu ofesi yawo. Madamu anangolemba mayina athu pa pepala. Anati anafunsa kwa aphunzitsi anzawo ndipo anawauza kuti fayilo saifuna pokhapokha wina akadandaula.

Loweruka tinanyamuka m'mawa pa lole ya bambo wina wolima fodya, tikuimba njira yonse kuti tiiwale mantha. Titafika pa Nathenje ndinaweramitsa mutu podutsa pamsika, koma sizinathandize. Tikuthamanga kutenthetsa thupi, ndinamva nthungululu kumbuyo kwa golo. Anali amayi omwe ndinkagulitsa nawo, atasiya malonda awo kudzandiona. Patsogolo panali Mayi Nasibeko, amene ankakhala pafupi nane pamsewu ndipo ankandigawira chinangwa ndikakhala ndi njala.

"Tiya wathu uyo, wa tomato uja!" anakuwa motero. "Taonani watalika, wavala magolovesi ngati adokotala."

Ankachita izi chifukwa chondikonda, ndipo ndinawakwezera dzanja ndikumwetulira. Koma bambo wina wa komiti ya makolo ya sukulu ya kumeneko anamva. Anawafunsa amayiwo ngati amandidziwa, iwo n'kuyankha monyadira kuti dera lonse limandidziwa, panalibe wondiposa pothamangira minibasi. Bamboyo anangolunjika pa tebulo la oyendetsa mpikisano.

Mpira usanayambe wezulo inalira, ndipo anandiitana pamodzi ndi Madamu. Mkulu wa pa tebulopo anafuna fayilo. Madamu anafotokoza za maliro, za chipinda chotseka, za ahedi. Mkuluyo anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anati akumva chisoni koma pepala lolemba pamanja si umboni. Popanda umboni, mpira aupereka kwa anzathuwo, sukulu yathu iletsedwa mpikisano wa chaka chamawa, ndipo m'lipoti alembamo kuti timu ya ku Mitundu inabwera ndi waganyu. Apo bambo wa komiti uja anaseka n'kunena mokweza kuti anthu amve:

"Ndiye a Kamwendo aja ankatinena kuti ife ndife achinyengo, kani awo ankawabisa kumsika."

Abale anga, mawu amenewo anandilasa kuposa china chilichonse. Munthu amene analolera kusekedwa zaka zonsezo kuti asaname, anali atangogona m'manda masabata atatu, ndipo dzina lake likanalembedwa m'lipoti ngati la wachinyengo chifukwa cha ine, mwana amene anamutola pamsewu. Iye sakanatha kudziyankhira. Ana a pulayimale anayamba kuimba kuti waganyu, waganyu, ndipo mnyamata wina anandifunsa ngati ndabwera ndi tomato wakupsa kapena wosapsa. Anthu anaseka kwambiri.

Anatipatsa mphindi khumi. Madamu anaimbira ahedi katatu, foni siinapezeke. Anzanga anaunjikana pamodzi, ndipo mmodzi anandinong'oneza kuti bwanji ndingovula jezi, mwina awalola ena kusewera. Ndinaganizira zimenezo ndithu. Koma kuvula jezi kukanakhala kuvomera bodza, ndipo lipoti likanalembedwa chimodzimodzi. Ndinapita pa golo, ndinatsamira mtengo wake, ndipo ndinapemphera pemphero losalongosoka. Ndinati, Ambuye, ine andiseke, ndinazolowera pamsewu, koma musalole kuti a Kochi atchedwe abodza. Sindinamve kanthu mumtima, mantha okhaokha. Nditatsegula maso ndinaona mkulu uja akuyang'ana wotchi, cholembera chili m'manja.

Ndi pomwe anabwera a Mbewe, kochi wa timu ya anzathuwo. Nthawi yonseyi anali pafupi ndi osewera awo, ndipo ndi iwo amene akanapambana popanda kumenya mpira. Anaima patsogolo panga n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Mtsikana, kope lako la Lachisanu uli nalo?"

Ndinadabwa, chifukwa zimenezi timazidziwa ndife osewera a a Kochi basi. Lachisanu lililonse wosewera ankabweretsa kope lake la m'kalasi. A Kochi ankaona ngati notsi za sabata yonse zilimo, kenaka ankasaina pa tsamba lakumapeto ndi cholembera chofiira, n'kulemba deti. Wopanda siginecha sankasewera Loweruka, ngakhale akhale wogoletsa zigoli zonse. Kopelo tinkalionetsa pokwera lole. Chimwalirireni iwo panalibe wosaina, komabe m'mawa umenewo ndinali nditaliika m'jumbo pamodzi ndi masilipasi anga. Ndinalitulutsamo poona kuti lilibe ntchito, kenaka ndinalibwezeramo, chifukwa kukwera lole popanda ilo kunkandichititsa ngati ndavala malaya chotembenuza.

Ndinathamanga kukalitenga. Magolovesi ndinawavula ndi mano. A Mbewe sanayang'ane n'komwe dzina la pachikuto, anatsegula chakumapeto. Anakhala kanthawi akuyang'ana mzere wa siginecha zofiira, kuyambira sabata yoyamba ya Fomu 3 mpaka Lachisanu lomwe a Kochi anayamba kudwala. Pansi pake panali poyera. Anapukuta kumaso ndi chipewa chawo, n'kupita nalo pa tebulo.

"Akuluakulu, dzanja ili ndimalidziwa," anatero. "Anandiphunzitsa ine chakuno ku Diamphwe. Anandisiya panja tsiku la fainolo chifukwa ndinathawa masamu Lachinayi, ine ndili kaputeni. Tinagonja, ndipo ndinatha mwezi osawapatsa moni. Munthu ameneyu sakanasaina kope la mwana wosalowa m'kalasi, ngakhale mutamugwadira."

"Kodi a Mbewe, inu muli mbali iti?" anafunsa bambo wa komiti uja.

"Ya ana asukulu, bwana. Timu ndi yanga, ndipo dandaulo sindikulifuna."

Mkulu wa pa tebulo anatenga kopelo n'kumatsegula tsamba ndi tsamba. Anaona mapu a mitsinje omwe ndinajambula molakwitsa, ndi pomwe a Kochi analemba kuti ndibwereze. Ali mkati moyang'ana, anzanga anayamba kupita ku zikwama zawo mmodzimmodzi. Atsikana asanu ndi mmodzi anatulutsa makope awo. Palibe anauza mnzake, aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha amene wachita zopusazo. Anawasanjika pa tebulo, onse ali ndi dzanja lomwelo, madeti omwewo, ndi malo oyera omwewo kumapeto. Mkuluyo anatseka cholembera chake n'kuuza oyimbira kuti ayambitse mpira.

Ndisakunamizeni, tinagonja zigoli ziwiri kwa chimodzi. Chachiwiri chinali cholakwa changa, ndinatuluka msanga pagolo mpira n'kundidutsa pamwamba. Ndinalira, koma kunali kulira kwa mpira chabe. M'lipoti munalembedwa zigoli ndi mayina a osewera, china chilichonse munalibe. Mpikisano wa chaka chamawa tili nawo.

Tikukwera lole ndinapeza Mayi Nasibeko akundidikira ndi jumbo ya tomato. Anandigwira dzanja n'kunena kuti pakamwa pawo pakanandiphetsa, ndiwakhululukire. Ndinawauza kuti palibe chokhululuka, sananame. Anakhala ngati akufuna kupita, koma sanachoke. Kenaka anayang'ana Madamu n'kufunsa mwamanyazi za mwana wawo Chisomo, amene anasiya sukulu ali Fomu 2 atakhala ndi pakati. Anati iwo ankaganiza kuti mtsikana akafika pamsewu ndiye kuti zatha, ndiye amafuna kudziwa ngati woti ali ndi mwana kumbuyo amamulandiranso m'kalasi. Madamu anayankha kuti amamulandira, ndipo anaitana a Mbewe kuti adzamve okha. Dalaivala analiza hutala kawiri, ife tikudikira akuluakulu atatuwo akukambirana m'mbali mwa lole.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la munthu wamantha, ndipo anadzutsa wondithandiza kuchokera ku mbali yomwe sindikanayang'anako. Ndikuthokoza chifukwa cha moyo wa a Kamwendo, amene ntchito yawo inawayankhira iwo atagona. Ndikuthokozanso Madamu Chirwa, amene tsopano akuphunzira malamulo a mpira kwa ife, ndipo sachita manyazi kufunsa.

Kwa iwe amene ukuchita chinthu cholungama koma ukuona ngati palibe akuona, usasiye. Kwa iwe amene anthu akukudziwa ndi mbiri yako yakale ndipo akukana kukhulupirira kuti unasintha, pirira, usavule jezi. Ine ndinatsala pang'ono kuvula, ndipo mphindi zinali zitatsala zochepa.

Ndili ndi pempho limodzi. Chisomo wayamba sukulu Lolemba lapitali ku Nathenje. Mwana wake amatsala ndi agogo ake pamsika, ndipo akuti tsiku loyamba anyamata a m'kalasi anamuseka mpaka anafuna kubwerera kunyumba pa buleki. Sanabwerere. Tikakumana Lachitatu, chonde timutchule dzina m'mapemphero athu.