Tsiku la Mayeso a Kompyuta

Omvera anzanga, tsiku limodzi ndinataya mkazi wanga ndi mwana amene anali m'mimba mwake. Kenako ndinasiya nyumba yathu ya lendi ku Kalingalinga, chifukwa ndinalephera kugonamo ndekha. Ntchito yokha ndiyo inatsala.

Ku koleji ndinaphunzira zogula ndi kusunga katundu. Kampani yathu ya boma itagulitsidwa, eni ake atsopano anabweretsa kompyuta yoodera katundu. Anati pa makalaliki tonse adzasunga awiri okha, opambana mayeso a kompyutayo.

M'mawa wa mayesowo, mkazi wanga anadzuka mapazi atatupa, mutu ukumuwawa kwambiri. Ndinamuperekeza ku kiliniki, n'kumusiya pa benchi ndi mng'ono wake. Ndinkadziwa kuti ndikajomba, ntchito yatha. Palibe anandikakamiza kupita. Ndinasankha ndekha.

Mayeso ndinapambana. Pobwerera madzulo ndinapeza atamwalira kale masana. Mpaka lero ndimakhala pa kompyuta yomwe ija, kuonetsetsa kuti katundu wa anthu afike pa nthawi yake.

Pamene ndinkanyamuka pa benchi paja, mkazi wanga anandikoka dzanja nati, "Imwe, bwelani nikonze kolala. Muzaoneka bwanji kuli mabwana? Yendani manje, muzanipeza."