Kapepala ka Mayina a Oimba

Pa siteji ya basi, mtsikana wina ankasokerera batani pa juzi yake pang'onopang'ono. Pambali pake, bambo ena aimvi ankaloweza mayina a oimba olembedwa pakapepala.

"Mwanawe, woimba uyu ndi mwamuna kapena gulu?"

"Ndi mkazi, bambo."

"Waonatu, ndakalamba ine. Kale kudansi anthu ankandisiyira bwalo. Lero mwana wanga ndikamufunsa zimene akumvera, amangoti, 'Simungazidziwe, adadi.' Ndikukamuona kusukulu, ndiye ndikuloweza kuti tikapeze chokamba."

Mtsikanayo anadula ulusi ndi mano.

"Akakugwirani musanafike dzina lachitatu. Kapepalako kasiyeni. Mukangomuuza kuti, 'Tandiimbira imene umaikonda.' Ine bambo anga akanandipempha choncho, ndikanawaimbira mpaka basi kuwasiya."