Belu Langa ndi Magetsi a Mayi Nyundo

...ndiye utsi unali utadzaza kale m'kholido, ine belu lili m'manja, ndikuliza ngati wamisala. Anthu akupondana pakhomo. Nsapato apa, mpango apo. Telala wina anathawa atakumbatira thalauza la mwendo umodzi. Mwati chiyani? Akapitawo akundikodola kuti sindinapereke moni. Pepani, chimkuzamawu chimandiledzeretsa.

Bwana manejala, ndakulonjerani. Akapitawo nonse, azimayi a pamakina, odula nsalu, a kusita, alonda athu. Bambo a kunyumba, ana ndi zidzukulu, takulandirani. Amene simundidziwa, ndine makaniko wa makina osokera pa fakitale ino. Makina akangomva fungo langa amachira okha.

Tikutsanzikana ndi Mayi Nyundo, amene asita mayunifolomu pano zaka makumi atatu ndi chimodzi. Mayi samva chibadwire, bambo a kunyumba chimodzimodzi. Amene akuyendetsa manja pambali pangawa ndi mwana wawo woyamba, pano ndi mphunzitsi. Aphunzitsi, muzimasulira zonse, koma pondiyamikira muzibwereza kawiri.

Dzina la Nyundo tinawapatsa chifukwa akafuna kuti uwayang'ane, amamenya tebulo ndi chibakera mpaka mapini kudumpha. Atangofika, ine ndinkawakuwira m'khutu, poganiza kuti mawu anga palibe khutu lingawakane. Sabata yachiwiri anandipatsa kapepala. Ndinati mwina ndi kalata yachikondi. Analemba kuti, "Mukundilavulira."

Tibwerere ku moto uja. Unayambira mosungira nsalu, masana dzuwa lili pamutu, zaka makumi awiri zapitazo. Woliza belu ndinali ine. Tonse tinathamangira pageti. Akapitawo a nthawi imeneyo anatsegula kaundula n'kuyamba kuitana mayina monga ankachitira m'mawa uliwonse. Ukamva lako umati "Ndilipo." Koma azimayi atatu a kusita, onse osamva, sankayankha chiyambire. Akapitawo anazolowera kuti akafika pa mayina awo amangochonga osadzutsa mutu. Tsiku limenelonso anachonga. Anatseka buku, amvekere, "Tonse tatuluka." Tinawomba m'manja. Ine ndinalizanso belu chifukwa cha chimwemwe.

Kenako mlonda anafunsa chapansipansi, "Kodi a kusita aja atulukira khomo liti?"

Abale anga, mumvetse bwino apa. Chipinda chositira chili kumapeto kwenikweni. Matebulo ake anayang'ana kukhoma, msana kukhomo. Fungo la nsalu yopserera kumeneko n'la tsiku ndi tsiku. Anthu atatu anali akusitabe makolala, moto uli chipinda chachiwiri.

Ndiye ine ndinataya belu n'kulowa. Ndinathyola zitseko zitatu ndi phewa ili. Awiri ndinawanyamula uku ndi uku, Mayi Nyundo ndinawakoka ndi mano pa epuloni. N'chifukwa chake ndevu zanga zimamera mbali imodzi. Musandiyang'ane choncho Mayi, tsiku ndi lanu koma nkhani ndi yanga.

M'mawa mwake Mayi analowa mu ofesi ya manejala popanda kugogoda. Womasulira kunalibe, ndiye anabwera ndi aphunzitsiwa, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndinali pakhomo, ndikunamizira kukonza loko. Ndinamva mwana akunena ndi pakamwa pake kuti, "Amayi akuti akanapsa dzulo, ife tikanatsala ndi ndani?" Anayesa kubwereza, mawu anakanika. Mayi ataona nkhope ya mwana wawo, anamutulutsa panja, n'kubwerera okha ndi cholembera. Analemba zinthu zitatu. Magetsi ofiira othwanima m'chipinda chilichonse, ngakhale kuchimbudzi. Kaundula wa maso, woti dzina silichongedwa mpaka munthuyo umuone. Ndiponso womasulira wamkulu, kuti mwana asadzanyamulenso mawu otero.

Zinatenga zaka ziwiri. Lolemba lililonse chibakera pa chitseko cha ofesi. Mamanejala awiri anachoka, chitseko tinasintha kamodzi, chibakera chinali chomwecho.

Sanalekere pano. Mwana wawo wotsiriza atatentha thupi ali wakhanda, anakhala naye pabenchi ya kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka anthu onse kutha. Dzina linaitanidwa katatu, iwo ali pomwepo, mwana akufooka pamiyendo. Atachira, Mayi anayamba kusonkhanitsa makolo osamva mu kantini yathu Loweruka masana. Anayamba mabanja anayi, pano mabenchi sakwana. Lero kuchipatala kuja amakweza manambala pa bolodi. Kusukulu, msonkhano wa makolo suyamba womasulira asanafike, chifukwa ahedi anamva kuti tebulo lawo ndi lagalasi. Mayi, pa zonsezi zikomo. Pa malaya anga amene mwasita mwaulere osadziwa kuti ndi anga, zikomonso.

Tsopano bwana manejala, mundikhululukire, ndiwononga phwando pang'ono. Pakatha masabata atatu tikusamukira ku nyumba yatsopano. Lachitatu ndinapitako kukayeza poika makina. Nyumba yokongola, pansi poterera ngati mbale. Ndinayang'ana kudenga. Belu lilipo, lamagetsi, lolira ngati ng'ombe khumi. Getsi lofiira palibe ngakhale limodzi. Ndinayenda chipinda ndi chipinda. Chositira achiikanso kumapeto, masoketi ali kukhoma, ndiye kuti msana kukhomo. Ndinafunsa womanga, iye akuti, "Pa pulani panalibe zimenezo, madala."

Pano tili ndi anzathu osamva khumi ndi mmodzi. Asanu ndi atatu ali ndi ana amene amawadikira pakhomo madzulo. Akapitawo atsopano awiri moto uja sanauone, ndipo mwezi watha ndinaona mmodzi akuchonga kaundula maso ali pafoni. Sinditchula dzina, wavala malaya obiriwira. Zonse zimene tili nazo zinabwera ndi chibakera chimodzi, ndipo chibakeracho lero chikupita kwawo kukanyamula zidzukulu. Lolemba likubwerali adzamenya chitseko ndani?

Ndikuuzeninso chinsinsi. Zaka zoposa makumi atatu mutu uli m'makina, khutu langa lamanzere linapuma ntchito kale, popanda phwando. Lamanja likulongedza katundu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina woliza belu sadzalimva belu lake.

Ndiye bwana, ndikunena pamaso pa mboni. Makina ku nyumba ija wowamanga ndine, palibe wina amawadziwa mtima. Sindimanga ngakhale bawuti imodzi mpaka nditaona getsi lofiira likuthwanima m'chipinda chositira. Mwagwedeza mutu. Aphunzitsi, auzeni amayi kuti bwana agwedeza, koma sindinaone bwino kuti agwedezera mbali iti. Lolemba ndibwera kudzafunsa. Chibakera changa n'chofewa, koma ndili ndi sipanala.

Mayi Nyundo, pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni mapazi. Bambo, tebulo la kunyumba mulikhomere misomali ina. Tonse tiimirire, tiwawombere m'manja mwa njira yawo, manja m'mwamba, zala zikuvina, kuti aone ndi maso.

Musatsitse manjawo, ndikonze malo amodzi pa nkhani ya moto ija. Zitseko zitatu zija sindinathyole. Sindinalowe n'komwe. Ndinaima pageti, belu lili m'manja. Mayi anamva kutentha kwa khoma ndi chikhatho, anaswa zenera ndi simbi, n'kutulutsa anzawo awiri, iwo kumapeto. Anatipeza tonse tili chiimire, buku litatsekedwa. Analitsegula okha, n'kuloza dzina lawo, lochonga kale.