Dzanja Limene Amama Anamanga

Moni nonse amene mumanditsata pa tsamba lino, ndipo a kwathu ku Lundazi, monire mose. Ambiri mumandidziwa kuti ndine Temwa wamfupi uja, wolongolola m'bwalo la basiketibo, amene amakalipira anzake ataliatali ngati ndi ana ake. Ena mwakhala mukundifunsa kumene ndinasowera chaka chathunthu chija, ndiponso chifukwa chake ndinabwerako ndikuponya mpira ndi dzanja lina. Lero ndati ndikuuzeni, pakuti zimene Mulungu anandichitira sizoti n'kuzikhalira chete. Ndinathyoka dzanja lamanja, dzanja limene linkandidyetsa, ndipo ntchito yanga inatsala pang'ono kuthera pomwepo.

Kwa inu amene simutsata masewerawa, malo anga m'timu amatchedwa poyinti gadi. Ameneyu ndiye amanyamula mpira kuchokera kumbuyo, kuona mnzake amene ali poyera, n'kumupatsira pa nthawi yake. Sikuti ndiye wogoletsa kwambiri ayi, koma iyeyu akasokonezeka timu yonse imasochera. Amama ntchito imeneyi sankaimvetsa. Nditawafotokozera kuti ine ndimagawira anzanga mpira, anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ndinapita ku Lusaka kukakhala woperekera zakudya pa ukwati. Ndinayambira pa bwalo la simenti yong'aluka ku sekondale pa boma la Lundazi, ndipo timu ina ya ku Lusaka inanditenga nditangomaliza sukulu. Inkandilipira, inkandipatsa pogona, ndipo chimwalirireni adada, feteleza wa m'munda wa amama ku Magodi ankachokera m'dzanja langali.

Tsiku la ngoziyo linali ngati masiku ena onse. Ndinalumpha kuti ndiponye, mtsikana wa timu inayo analumphanso, tinawombana m'mwamba, ine n'kutera pansi ndi chikhatho. Anandiika chikhakha, ndipo ndinkachiyendetsa monyada mu Lusaka poganiza kuti ndi za masabata chabe. Atachichotsa, mfundo ya dzanja inakana kupindikira kumbuyo. Adokotala anandiuza mosabisa kuti fupa lalumikizika, koma mfundoyo yauma, ndipo mwina sidzabwereranso mwakale. Tsono pa basiketibo mpira umatuluka ndi mfundo imeneyo. Kunjanjitsa mpira ndi dzanja lamanzere ndinkatha, chifukwa poyinti gadi aliyense amaphunzira zimenezo, koma kuponya ndi kupatsira patali zonse zinali za kumanja.

Akochi athu ndi bambo wachifundo, koma timu si yawo. Anandiitanira pambali n'kundiuza osandiyang'ana kumaso.

"Temwa, malo yako nizakusungila mpaka tikasankhe osewela chaka cha mawa. Koma ukabwela na dzanja yamene iyi, sinizakwanisa kukuthandiza."

Ndinakwera basi ya ku Chipata, kenako minibasi ya ku Lundazi, ndipo njira yonse ndinkangoyang'ana pa windo kuti anthu asaone misozi.

Kumudzi ndinakhala munthu woipa mtima, sindingakunamizeni. M'mawa uliwonse amama ankafunditsa madzi n'kumandithowa mfundoyo ndi kansalu, akung'ung'udza nyimbo za ku tchalitchi, ine ndili duu ngati ndi iwo anandigwetsa. Ndinkapemphera pemphero limodzi lokha, lakuti Mulungu apinde dzanja ili. Ndikadzuka ndinkaliyesa, ndipo linkakhala louma monga dzulo. Ku tchalitchi ndinasiya kupita chifukwa chotopa ndi malangizo. Wina ankati ndikwatiwe msinkhu usanapite, wina ankati ndiyambe kulima fodya, ngati kuti fodya amasoka ndi mano. Chimene chinkandipweteka koposa n'kuona pa foni mtsikana amene analowa m'malo mwanga. Ankasewera bwino, ndipo ndinkafuna kumuda koma ndinkasowa chifukwa.

Inafika nthawi yokolola ndili chomwecho. M'mawa wina ndinagwada kuseri kwa khola la ng'ombe, ndipo sindinganene kuti ndinapemphera mwaulemu. Ndinamuuza Mulungu kuti ndatopa, ndipo ngati dzanja ili walikana, andionetse yekha chimene ndizidyera. Nditatero ndinadzuka n'kupita kukathandiza amama kutonola chimanga, dzanja lamanja litakulungidwa m'kansalu kofunda.

Tili pakhondepo, mbuzi ya aneba inalowa pa mphasa ya mtedza umene tinayanika kutsidya kwa bwalo. Amama anaikuwa, koma mbuzi ya eni ake simva Chitumbuka cha pa nyumba ina. Ine ndinangotola chitsononkho ndi dzanja limene linali pafupi n'kuponya. Chinakaimenya pamphuno penipeni, ndipo inathawa ikulira mpaka kwawo. Ndinabwerera ku chimanga changa osaganizapo kanthu, koma ndinaona kuti manja a amama aima. Anandipatsa chitsononkho china n'kuloza mtondo umene unali pansi pa mtengo wa mango. Ndinaponya, chinagwera m'kati. Anandipatsanso china, chinagunda m'mphepete n'kugweramonso.

Amama anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, mpaka misozi, ndipo patapita kanthawi ndinazindikira kuti misoziyo sinalinso ya kuseka. Pamenepo ndi pamene anandiuza chinthu chimene palibe anandiuzapo chibadwire. Ine ndinabadwa wamanzere. Ndili kamwana ndinkalandira chilichonse ndi kumanzere, kudya ndi kumanzere, ndipo akuchimuna anayamba kulankhula. Inu a kwathu mukudziwa kuti kupatsa wamkulu chinthu ndi dzanja lamanzere ndi mwano, ndipo ankati mtsikana wophika ndi kumanzere apongozi sadzamudyera. Amama anali mtengwa wachichepere pa mudzi wa eni, ndipo ankaopa kunenedwa kuti salera bwino. Choncho pa nthawi ya chakudya ankandimanga dzanjalo ndi chitenje, ndipo ndikaiwala ankandigogoda ndi mthiko pa zala, mpaka ndinasiya n'kuiwaliratu.

Anagwira dzanja langa lamanzere, n'kulitembenuza ngati akuliona koyamba.

"Mwana wane, dzanja ili ninalimanga ndine. Manje nizalimasula ndine."

Tsiku lomwelo anatenga chitenje n'kundimangirira dzanja lamanja pamimba. Ankalimasula pa nthawi yothowa ndi yogona basi. Kusesa, kutunga madzi, kupesa tsitsi, kudya, zonse ndi kumanzere. Masiku oyamba ndiwo zinkathera pa malaya, ndipo amama ankati nkhuku za pakhomo sizinanenepo chonchi. Nkhokwe yathu inali isanafoleredwe, ndiye anandiimika chapatali n'kunena kuti chimanga chonse chotsala ndichilowetse poponya, chimodzichimodzi. Iwo ankakhala pa kampando akusankha mtedza, diso limodzi lili pa ine. Chimene chagwera panja ndinkakatola ndekha. Ndakumanapo ndi makochi aukali, koma palibe wofika pa mayi ameneyu, amene mpaka nthawi imeneyo anali asanaonepo masewera a basiketibo ndi maso ake.

Musaganize kuti zinangotheka tsiku limodzi. Dzanjalo linali ndi diso, koma linalibe mphamvu, ndipo mpira si chitsononkho. Loweruka ndinkapalasa njinga kupita pa boma kukayeserera pa bwalo langa lakale lija. Chigongono chinkathawira kunja, mpira unkagwa usanafike, ndipo phewa linkawawa moti ndinkalephera kuvula malaya. Kangapo ndinabwerera kunyumba nditataya mtima, n'kuwauza amama kuti tikungodzivuta. Iwo sankatsutsana nane. Ankangodikira kuti ndimalize kulankhula, n'kutenga chitenje chija.

Tsiku lina kunabwera a NyaZimba, mtsogoleri wa amayi a ku tchalitchi kwathu, munthu amene mudzi wonse umamuopa pa nkhani za mwambo. Amama anandituma madzi akumwa. Ndinagwada bwinobwino n'kupereka kapu ndi dzanja lamanzere, popeza linalo linali lomangidwa. A NyaZimba sanalandire. Anayang'ana kapuyo, n'kuyang'ana amama, n'kufunsa ngati ana a ku Lusaka masiku ano ulemu anausiya m'basi. Manyazi anandigwira, ndipo ndinayamba kulimbana ndi mfundo ya chitenje kuti ndimasule.

"Leka," anatero amama. Kenako anatembenukira kwa mlendoyo. "Imwani, anyithu. Ngati pali mwano apa, ni wanga, osati wa mwana."

Ine ndikuwadziwa amama. Ndi munthu amene amasesa bwalo kawiri poopa kuti odutsa anena chiyani. Kuwamva akuyankha a NyaZimba chotero, osabweza mawu, ndinadziwa kuti andikonda kuposa mbiri yawo. Anafotokoza nkhani yonse, ine ndikadali chogwada, mkono ukuwawa. Pamapeto pake a NyaZimba analandira kapuyo ndi manja awiri n'kumwa madzi onse, ndipo ananena motsitsa kuti nawonso anamanga mwana wawo wachisamba. Asanapite anandigwira dzanja lomwelo n'kulipempherera. Lamulungu lotsatira ndinabwerera ku tchalitchi.

Nthawi yosankha osewera itakwana ndinapita ku Lusaka mtima uli m'mwamba. Akochi anangoyang'ana dzanja langa lamanja, n'kupukusa mutu pang'ono, koma anandilola kulowa. Mipira yoyamba imene ndinaponya inaphonya yonse, umodzi osakhudza n'komwe mkombero wogoletseramo. Ndinamva wina akuseka pa benchi. Ndinapemphera mawu awiri okha chamumtima, akuti ndigwireni Ambuye. Titayamba kusewera timu ziwiri, mtsikana amene ankanditchinga anali mnzanga wakale wodziwa mayendedwe anga onse, ndipo anatseka kumanja monga ankachitira kale. Ine ndinadutsa kumanzere. Anatsekanso kumanja, pakuti thupi lake linakana kukhulupirira, ndipo ndinatumiza mpira ndi dzanja limodzi pakati pa anthu awiri mpaka m'manja mwa mnzathu wamtali amene anali pansi pa mkombero. Akochi anaimitsa masewera n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza, ndipo kenako mipira ina inayamba kulowa.

Sindinasewere ngati mngelo tsiku limenelo, ndipo malo anga oyambirira sindinawapeze nthawi yomweyo. Mtsikana uja amene analowa m'malo mwanga anapitiriza kuyamba masewera, ine ndikulowa pambuyo, ndipo panapita miyezi ndisanabwerere pa asanu oyamba. Lero ndi mng'ono wanga wapamtima, timagawana bwalo popanda nsanje. Koma madzulo a tsiku losankha lija, pamene akochi ankatchula otsala m'timu, dzina langa linalipo.

Ndinatuluka panja n'kuwaimbira amama. Ndinkayembekeza nthungululu. M'malo mwake ndinamva mawu awo, aang'ono ngati a mwana.

"Temwa, kansi wanikhululukila?"

Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti akulimbana ndi dzanja langa, osadziwa kuti iwonso anali ndi bala lawo limene ankalithowa okha. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, anzanga akudutsa, n'kulira. Ndinawauza kuti palibe choti ndikhululuke, kuti anamanga chifukwa cha chikondi ndipo anamasula chifukwa cha chikondi chomwecho. Anapuma mozama, n'kunena kuti yewo, Chiuta ngwakutemwa, kutanthauza kuti Mulungu ndi wachikondi.

Abale anga, dzanja langa lamanja silinachire mpaka lero. Silipindika, ndipo kukazizira limawawa. Pemphero limene ndinalilirira miyezi yonse ija silinayankhidwe monga ndinkafunira, koma ndili m'bwalo, ndikudya, ndipo munda wa amama ukulimidwa. Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga mphatso yanga pamalo pamene ngozi sinafike. Ndikuthokoza akochi amene anadikira, a NyaZimba amene anamwa madzi aja, ndi inu amene munkandipempherera osadziwa kumene ndili. Iwe amene wagwada pa khomo limodzi mpaka maondo kutupa, usaleke kupemphera, koma utsegulenso maso, chifukwa thandizo lako mwina uli nalo kale m'thupi kapena pakhomo pako pomwepo. Ndipo inu makolo amene muli ndi kamwana kolandira ndi kumanzere, kaphunzitseni ulemu, koma musakamange.

Umboni wonsewu ndaulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndikuupereka kwa inu ndi dzanja lomwelo, nditagwada. Landirani, akuluakulu, si mwano.