Makompyuta Ozizira ndi Hita ya Upile

Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu la Amalawi muno mu Indianapolis, mayi Belinda Kamwendo; olemekezeka abusa Dixon Mbewe; eni nyumba ino bambo Edmond, amene sakumva zimene ndikunenazi koma akumwetulira; amayi, abambo, ndi ana inu oyankha m'Chingerezi.

Ine ndine Chester, bambo ake a Upile. Mlendo wolemekezeka weniweni, adokotala a ku South Bend, atsekeredwa ndi sinowu, chipale chija, pamsewu, ndipo a bungwe atayang'ana m'chipinda muno apeza kuti wovala jekete ndine ndekha.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, choncho za m'kati mwa makompyuta atsopanowa sindinenapo. Chimene ndikudziwa ndi kulemera kwake, poti ndinawanyamula ndine. Akuti amadya magetsi pang'ono, akuti ukawasiya amagona okha, ndipo akuti nyumba ikachepetsa magetsi chonchi, boma limawapeputsira msonkho bambo Edmond. Tikuthokoza. N'chifukwa chakenso aletsa hita muno.

Tsono imvani. Loweruka lililonse mayi ake a Upile amakhala ku shifiti, ine ndimabwera kuno kudzaphunzira kutaipa, mwana ali m'manja. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chifuwa sichichedwa kumugwira. Makompyuta akale aja, amene mwakhala mukuwanyoza chiyambire m'mawa, ankalira ngati chigayo, inde, koma kumbuyo ankatulutsa mpweya wofunda. Ndinkamugoneka kuseri kwa yachitatu kuchokera pakhomo, iye n'kugona mpaka kuweruka.

Dzulo ndinagwira yatsopano ndi dzanja. Ndinagwiranso ndi tsaya. Yozizira ngati botolo la m'firiji. Nditawauza mayi Belinda anati, "Achimwene, chimenecho ndiye chitukukocho." Chitukuko ndachimva, koma Januwale, mwezi wozizira koopsa kuno, sanafike n'komwe.

Sizasi yodulira riboni ili m'manja mwanga muno. Ndikupempha hita imodzi, yaing'ono, Loweruka lokha, pakona apo. Mayi Belinda, tawamasulirani bambo Edmond. Ndidikira. Ndilibe changu, kunjaku sinowu sanasiye.

Musawonjezere, mayi, nenani zokhazo.

Eya. Avomera ndi mutu. Abusa, mwaona nanunso? Ndinu mboni.

Choncho, mwa mphamvu zimene ndabwereka kwa adokotala amene adakali pamsewu, ndikulengeza kuti chipinda cha makompyuta cha kuno ku Lawrence, dera lathu lino la mu Indianapolis, chatsegulidwa. Aliyense wolowa azitseka chitseko.

Zikomo kwambiri.